Nyumba za Makonde za ku Zomba ndi Zathu

Munthu akachoka pamsika wa Zomba n'kumakwera chakuphiri, kudutsa pa Gymkhana Club kuloza ku Mulunguzi kapena ku Old Naisi, amaona nyumba zofanana kamangidwe. Ndi zosasanja, za njerwa zootcha, za denga la malata lotsetsereka kwambiri, za khonde lotakata ndi chumuni chotulukira padenga. Zina zikusamalidwabe, koma zambiri zatopa. Malata achita dzimbiri, mizati ya khonde yapendekeka, ngalande zakwiririka, ndipo pamene kale panali kapinga pamera tchire loti sungadutsepo wopanda chikwanje. Amene wagula nyumba yotere, kapena kusiyiridwa ndi makolo, sasowa alangizi. Ena amamuuza kuti agwetse zonse, adule mitengo, amange nyumba zingapo za lendi ndi mpanda wa njerwa. Ena amati angopaka penti ndi kuika matailosi kuti ioneke yamakono. Maganizo anga ndi akuti nyumbazi n'zoyenera kukonzedwa modekha, ndipo tchire lake lilambulidwe ndi munthu wodziwa chimene akudula. Chifukwa chake n'chakuti nyumbazi zinamangidwa ndi manja a anthu a dziko lino, ndi ndalama za anthu a dziko lino, ndipo m'kamangidwe kake muli nzeru ya kakhalidwe pa phiri la mvula yambiri, nzeru imene taipeza movutikira ndipo tikhoza kuitaya mosavuta.

Mbiri ya nyumbazi imayambira pa munthu wolima dimba. John Buchanan anabwera ku Blantyre Mission mu 1876 kudzagwira ntchito ya ulimi, ndipo atachotsedwa ntchito pa mishoniyo anakakhazikika ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, komwe ankalima khofi ndi nzimbe. Dera limeneli silinali lopanda eni. Kunali Amang'anja, kunalinso mafumu a Chiyao monga Malemia ndi Mlumbe, omwe maina awo akadali amoyo m'bomali mpaka lero. Mu 1886 Buchanan anamangira kazembe wa Britain, a Hawes, nyumba ya nsanja ziwiri imene masiku ano timaidziwa kuti Masongola. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa boma la atsamunda anakhala m'nyumba yomweyo, ndipo Zomba inasanduka likulu. Johnston anabwera ndi katswiri wa zomera, Alexander Whyte, amene anayala dimba lalikulu pafupi ndi nyumbayo, poyesera mbewu ndi mitengo yochokera kumaiko ena. Dimba limenelo ndilo chiyambi cha Botanic Gardens ya ku Zomba. Choncho kuyambira pachiyambi penipeni, nyumba ya ku Zomba ndi bwalo lake zinkaganiziridwa pamodzi. Maofesi a boma atachuluka, nyumba za akuluakulu ake zinafalikira m'mphepete mwa phiri, iliyonse pa malo otakasuka, ndi mitengo yake, masitepe ake a miyala ndi ngalande zake.

Tauniyo inayalidwa mwa tsankho, ndipo izi siziyenera kubisidwa. Azungu anatenga kumtunda kozizira, kwa madzi oyera otsika m'phiri, komwe ankati udzudzu ndi wochepa. Amwenye anali ndi masitolo awo chakumsika, ndipo anthu akuda anakankhidwira kumunsi ndi m'midzi yozungulira. Munthu wakuda ankalowa kumayadi ngati wantchito: wophika, wochapa, wolima maluwa, mlonda. Pogona pake panali kuseri, m'tizipinda topanikiza tomwe mpaka lero timatitchula kuti boyizikota. Koma tifunse kuti anaumba njerwa ndani, anazitentha ndani, anacheka matabwa m'phiri ndi sowo ya anthu awiri ndani, anasenza malata pamutu kuchokera kudooko la mtsinje wa Shire misewu ya galimoto isanabwere ndani. Anali amtengatenga, akalipentala ndi amisiri omanga a konkuno, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa pa mishoni za Blantyre ndi Domasi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi umboni wa zimene manja amenewo ankatha kuchita ndi dothi la pompano. Ndalama zoyendetsera bomalo nazo zinkachokera mbali ina ku msonkho wa nyumba, umene m'zaka za m'ma 1890 unali mashiling'i 3 pa nyumba iliyonse, ndipo wosowa ndalama ankaulipira ndi thukuta.

Apa ndi pamene pagona yankho kwa amene amati nyumbazi ndi zotsalira za atsamunda, choncho kuzisamala ndi kulemekeza ukapolo. Mkwiyo wawo ndi womveka, pakuti m'nyumba zimenezi munkakhala anthu amene ankalamula za thangata ndi kusaina zikalata zomanga anzathu mu 1915 ndi mu 1959. Koma kugwetsa nyumba sikulanga mtsamunda, amene anapita kalekale. Kumafafaniza ntchito ya mmisiri amene dzina lake silinalembedwe paliponse, ndipo chipupa chowongoka chija ndicho chokhacho chimene anatisiyira. Tiwerengenso zaka. Kuchokera 1891 kufika 1964 ndi zaka 73, ndipo kuchokera 1964 kufika lero padutsa zaka zoposa 60. Nyumba zambiri za kumayadi zinamangidwa mochedwerapo kuposa Masongola, kotero zakhala m'manja mwa Amalawi nthawi yaitali kuposa imene zinakhala m'manja mwa azungu. M'makonde amenewo mwakulira ana a alembi a boma, a asilikali a ku Cobbe Barracks, a aphunzitsi a pa Chancellor College imene inasamukira ku Zomba mu 1973. Mwachitikira zinkhoswe, mwagonedwa maliro. Ndipo amene akufuna kuti ana athu adziwe kuipa kwa tsankho ayenera kukhala woyamba kuteteza boyizikota, chifukwa mwana akaima pakati pa chipinda chodyera cha bwana ndi kachipinda komwe banja lonse la wophika linkagona, amamvetsa zimene mphunzitsi angavutike kumufotokozera m'kalasi.

Kuti nyumbazi zifike potopa chonchi pali chifukwa chake, ndipo chifukwacho si ukalamba wokha. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, maunduna anapita ndi antchito awo, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsatira mu 1994. Ku Zomba kunatsala maofesi ofunika monga National Archives, National Statistical Office, Government Press ndi Geological Survey, koma maso a boma anali atayang'ana kwina. Kale nyumba za boma zinali ndi mwini wooneka, dipatimenti ya Public Works, imene inkatumiza amisiri kudzapenta malata, kusintha thabwa lofumbwa ndi kutsegula ngalande mvula isanayambe. Chizolowezi chimenecho chitazilala, wokhala m'nyumba ankadziona ngati mlendo woti mawa asamutsidwa, ndipo mwini nyumba anali ofesi yakutali yosowa ndalama. Msomali umodzi wa padenga ukazuka, madzi ankalowa chaka ndi chaka mpaka phaso kuwola. Bwalo nalo linkafuna anthu awiri kapena atatu olisamalira tsiku ndi tsiku, zomwe malipiro a wantchito wa boma wa masiku ano sangakwanitse. Tikamvetsa izi timaona kuti nthenda ya nyumbazi ndi kusowa wozisamala, ndipo nthenda yotere imachizika.

Ubwino wa kamangidwe kake umaoneka bwino mu Januwale. Phiri la Zomba ndi lotalika kupitirira mamita 2,000, ndipo mvula ikagwa pamwamba pake madzi amatsika ndi liwiro kudzera m'makhwawa odutsa m'tauni momwemo. Omanga akale ankadziwa zimenezi. Anakweza maziko kuti pansi pa nyumba pasafike madzi oyenda, ndipo n'chifukwa chake pokwera pakhonde pamakhala masitepe atatu kapena anayi. Anatsetsereketsa denga kuti madzi asaime. Khonde lotakata lija silinali la tiyi wa madzulo lokha, ntchito yake yaikulu inali kutchinjiriza zipupa kuti mvula ya mphepo isazimenye ndiponso dzuwa la mu Okutobala lisalowe m'zipinda. Siling'i yaitali imalola mpweya wotentha kukwera, chumuni chimathandiza m'miyezi ya chiperoni, ndipo kuseri kwa nyumba, chakumtunda, kumakhala ngalande ya miyala yopatutsa madzi a m'phiri asanafike pa maziko. Akuluakulu a ku Zomba amakumbukirabe Disembala wa 1946, pamene mvula inagwa usana ndi usiku, mbali za phiri zinagumuka, milatho inakokoloka ndipo anthu anafa. Anthu anati kwadutsa Napolo. M'Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatikumbutsa, makamaka ku Soche ndi ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, kuti phiri lomwa madzi ambiri silisunga dothi lake. Munthu wokhala m'tsinde mwa phiri sayenera kupeputsa njira zimene akale anasiyira madzi.

Pachifukwa chimenechi kukonza nyumba yotere kuli ndi ndondomeko yake, ndipo penti amabwera pomalizira. Mmisiri wodziwa amayamba wakwera m'siling'i ndi tochi masana, n'kuyang'ana pamene kuwala kukulowera m'malata. Amagogoda mitengo ya denga umodziumodzi ndi chogwirira cha hamala. Wabwino umalira molimba, pamene wodyedwa ndi chiswe umalira ngati ng'oma yobooka, ndipo ukaubaya ndi msomali umatulutsa dothi lofiira. Amatsatira kanjira ka dothi ka chiswe kutsika chipupa mpaka apeze polowera, kawirikawiri pamene dothi la pabwalo lakwera n'kukhudza thabwa, kapena pa chitsa chowola pafupi ndi khitchini. Akatha denga ndi madzi ndi chiswe, ndiye amabwera ku zipupa. Njerwa za nyumba zakale kwambiri zinamangidwa ndi dothi kapena laimu, ndipo chipupa chotere chimamwa chinyezi n'kuchitulutsanso kukacha. Ukachimata ndi pulasitala wa simenti yolimba ndi penti wa mafuta, chinyezi chimatsekeredwa mkati, njerwa zimafewa, ndipo pakapita mvula ziwiri pulasitala amatupa n'kugwa m'magawo. Akale anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Laimu akupezekabe m'dziko muno, ku Balaka amawotcha, ndipo ndiye woyenera pa zipupa zimenezi. Mawaya a magetsi akale ndi ofunika kusinthiratu, ndipo ngati pali denga kapena siling'i ya asibesitosi, monga zimapezekera m'nyumba zina za m'ma 1950, isadulidwe kapena kuswedwa chifukwa fumbi lake limawononga mapapo.

Pabwalo ndi pamene anthu amalakwitsa msanga, chifukwa kulambula kumaoneka ngati ntchito yosafuna nzeru. Mwini nyumba amaitana anyamata a ganyu, amagwirizana mtengo, n'kuwauza kuti pofika madzulo pakhale poyera. Zikwanje zimalira, moto umayatsidwa, ndipo zimene zinatenga zaka 80 kuti zikule zimatha tsiku limodzi. Njira yabwino ndi kuyamba ndi chikwakwa, kutchetcha udzu ndi nsenjere kuti nthaka ioneke, n'kutsegula tinjira toyendamo. Kenaka achotsedwe lantana, minga ndi chitedze, ndipo lantana azulidwe ndi mizu yomwe pakuti akangodulidwa amaphukanso mwamphamvu. Tchire likatsika, bwalo limayamba kuonetsa mmene linayalidwira. Pamatuluka masitepe a miyala okwiririka ndi masamba, kachipupa kotchinga dothi pamalo otsetsereka, chivundikiro cha dzenje la chimbudzi cha madzi, ndi ngalande yodzaza matope imene ukaitsata imakufikitsa kukhwawa. Pamapezeka mango ndi mapeyala okalamba ofuna kungosadzira nthambi zouma, mwinanso khofi wosandulika tchire. Zonsezi zilembedwe papepala nkhwangwa isanakhudze mtengo uliwonse. Ndi bwinonso kudikira mvula imodzi, kuima pakhonde n'kuona kumene madzi akudzera, chifukwa m'chilimwe bwalo limabisa zambiri, kuphatikizapo maluwa a mizu yonga anyezi amene amagona m'nthaka mpaka mvula yoyamba.

Ena adzati mitengo ya kumayadi ndi yachilendo, imasunga njoka, imabisa akuba, ndipo mizu yake imang'amba maziko. Mwa zimenezi muli zoona. Bulugama womera pafupi ndi nyumba ndi woopsa nthawi ya mphepo, sendeleya amamera paliponse n'kupanikiza mitengo ina, ndipo mkuyu womera mumng'alu wa chipupa uyenera kuchotsedwa ukadali waung'ono. Nthambi yokhuza denga idulidwe, pakuti masamba ake ndiwo amaoletsa malata. Koma njoka zimakonda udzu wautali ndi milu ya zinyalala, osati mbawa yoima payokha pa bwalo losesedwa, ndipo wakuba amabisala m'zitsamba zofika m'chiuno, osati pansi pa mtengo wosadzidwa bwino. Kunena za uchilendo, mango, magwafa ndi mapeyala nazonso zinachokera kutali, koma palibe mwana wa ku Zomba amene amazifunsa kwawo. Muyeso woyenera ndi kufunsa ngati mtengo ukugwira dothi, ukupereka mthunzi kapena chipatso, ndiponso ngati uli patali mokwanira ndi chipupa. Ku Zomba kuli mwayi umene matauni ena alibe. Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens, lokhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987, lili komweko, chimodzimodzinso Forestry Research Institute of Malawi. Munthu wokayika za mtengo wa pabwalo pake angathe kuthyola kanthambi ka masamba n'kukafunsa odziwa, asanapereke chilolezo kwa wocheka matabwa amene amaona ndalama yokha mu thunthu la mbawa.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha ndalama. Kukonza nyumba yakale kumadya, ndipo mmisiri sangakuuze mtengo weniweni asanatsegule denga. Koma powerengera tiyenera kuika pa sikelo zimene zili kale m'nyumbamo. Njerwa zake zinaotchedwa kale, nkhuni zake zinapsa kale, ndipo mapiri athu sangathenso kupereka nkhuni zochuluka chotero. Ndi chifukwa chake mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za malonda. Matabwa ake nawo sapezekanso pamsika. M'nyumba zina zakale zitseko, mafelemu ndi siling'i ndi za mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wonunkhira wosadyedwa ndi chiswe, umene dzina lake la sayansi limakumbutsa Whyte yemwe uja, ndipo ndi mtengo wa fuko lathu. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha ya mkungudza itatsala pa phiri la Mulanje. Munthu amene amazula chitseko chotere n'kuikapo cha chitsulo chopyapyala wataya chuma chimene ndalama zake sizingabweze. Komanso kukonza kumatheka pang'onopang'ono, denga chaka chino, magetsi chaka chamawa, banja likukhala momwemo. Mandala House ku Blantyre inamangidwa mu 1882 ndi zipangizo wamba za nthawi imeneyo, ndipo ikugwirabe ntchito chifukwa chakuti sinasowepo woisamala.

Pali chotsutsa china chimene sindingachikane kwathunthu. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 105,000 mumzinda wa Zomba, ndipo ambiri amakhala mothinana ku Chikanda, ku Chinamwali ndi ku Sadzi, pamene ophunzira a payunivesite amasowa pogona. Kodi n'chilungamo kuti banja limodzi likhale pa malo oti pangakhale mabanja asanu? Funsoli ndi la chilungamo ndithu, ndipo kukula kwa mapuloti a kumayadi ndi chipsera cha tsankho lija. Koma yankho lake lisakhale kusandutsa tsinde la phiri kukhala simenti yokhayokha. Bwalo la mitengo ndi udzu limamwa madzi, pamene bwalo lowaka limawakankhira kumunsi, ndipo okhala kumunsi ndi anthu omwe aja tikuwamvera chisoni. Puloti yaikulu ingathe kulandira nyumba ina yaing'ono kumbali, yomangidwa mosatseka ngalande ndi mosadula mitengo yogwira dothi. Boyizikota ikhoza kukulitsidwa, kuikidwa mawindo oyenera ndi bafa, n'kukhala malo aulemu ogonamo wophunzira. Nyumba yaikulu ikhoza kukhala ofesi, sukulu ya mkaka kapena malo ogona alendo obwera kudzaona phiri, n'kumadzilipirira yokha zokonzera. Mwa njira zoterezi malo amatumikira anthu ambiri popanda kuwononga chimene chimachititsa kuti malowo akhale otetezeka.

Lamulo la Monuments and Relics Act la mu 1990 limapatsa boma mphamvu yoteteza nyumba za mbiri, koma lamulo silingafike pa nyumba iliyonse ya khonde, ndipo silikwera padenga kukakhoma msomali. Ntchito yaikulu ili m'manja mwa eni nyumba, mabungwe amene ali ndi nyumba zambiri zoterezi, ndi khonsolo ya mzinda imene imavomereza mapulani. Khonsolo ingathe kulemba mndandanda wa nyumba zakale ndi mitengo ikuluikulu, ndi kufunsa aliyense wofuna kugwetsa kapena kugawa puloti kuti asonyeze kumene madzi adzadzere. Sukulu za ntchito za manja zingathe kubwezeretsa maphunziro a kamangidwe ka laimu ndi kakonzedwe ka zitseko ndi mawindo a matabwa, amisiri okalamba odziwa zimenezi akadali moyo. Ophunzira mbiri payunivesite angathe kuyenda m'midzi ya Malemia ndi Mlumbe kukalemba maina a amene anamanga ndi kutumikira m'nyumbazi, chifukwa zidzukulu zawo zilipo ndipo zikukumbukira. Ndipo mwini nyumba aliyense ali ndi ntchito imene safunika kudikira nayo wina: mwezi wa Okutobala usanathe akwere padenga, atsegule ngalande ya kumtunda, achotse dothi lokhudza matabwa, ndipo asalole mtengo waukulu kugwa asanaudziwe dzina ndi ntchito yake.